Ndalama za Msana ndi Chiliza cha Bambo

Ku Glasgow kuno ndinayamba kulipirira bokosi langa la maliro ndisanagule n'komwe jekete yamphepo. Lamulungu loyamba nditangofika, mapemphero atatha, mayi amene ankandisunga anandikokera pakona ya holo ya tchalitchi n'kundiuza kuti Mmalawi aliyense kuno amasonkha m'thumba la maliro. Ukafa, thumbalo limakweza thupi lako ndege kuti ukaikidwe kwanu. Ine ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndikunjenjemera m'kajuzi ka pakaunjika ka ku Limbe, ndipo ndinavomera osafunsa kanthu. Thumba limenelo silinandivutitsepo. Limene linandivutitsa ndi lina, limene ndinadzatsegula ndekha pambuyo pake, ndipo linandichotsa pakati pa ana a bambo anga.

Mayiwo sanali mbale wanga, koma kwawo ndi kwathu ku Chiradzulu n'koyandikana, ndipo ali atsikana ankaimba kwaya imodzi ndi amayi anga. Tonse tinkangowatchula kuti Anti. Anabwera kuno kalekale, n'kufikira ku Sighthill m'nyumba zazitali anazigwetsa zija, ndipo ankakonda kunena kuti nyumbazo zinagwa koma iwo akadali chilili. Ndiwo anali msungichuma wa thumba la maliro. Ndiwonso anandilozera ntchito kunyumba yosamalira okalamba cha ku Hillhead, kumene iwo anali atagwirako zaka zambiri, ndipo anandipezera kachipinda ku Govanhill pafupi ndi kwawo.

Ntchito yathu ndi ya msana. Umadzutsa munthu, kumutembenuza, kumusambitsa, kumukhazika pampando, kenako kumubwezeranso pabedi. Makina onyamulira anthu alipo, ndipo lamulo limati muzikhala awiri. Koma mabelu akalira mbali zonse, gogo wina n'kumatsetsereka pampando iwe ukuona, sudikira lamulo, umangomuwakha. Ine sizinkandivuta. Ndinkaweruka, kukwera basi, n'kuthamanga masitepe amiyala a nyumba yathu mpaka pamwamba nditasenza thumba la mpunga.

Tsiku lina m'mawa ndinalowa m'chipinda chosinthira zovala n'kupeza Anti akudzimanga chitenje chopinda m'chiuno, kuchikoka mwamphamvu ngati mayi wongochira kumene. Atamaliza anavala yunifomu pamwamba, chitenjecho osaonekanso.

"Anti, msanawo bwanji osakaonetsa kwa dokotala?" ndinafunsa.

"Ndinapita kale, mwanawe. Anandiika pa laini ya fiziyo, kwa owongola msana aja, akuti adzandiitana."

"Liti?"

"Ukufunsa ine? Laini yake siioneka kutsogolo."

"Nanga osapita kwa olipira aja bwanji? Kapena kupumako mwezi umodzi?"

"Ndi chiyani? Renti ikundidikira, mabilu akundidikira, kumudzi fizi ikundidikira. Iwe tavala tikayambe shifiti, ndipo zimene waonazi usakauze manijala."

Chipatala kuno n'chaulere, zimenezo n'zoona, ndipo ngakhale mankhwala sitigula. Ine wochokera kumene ndinachokerako sindingachinyoze. Koma tsiku limenelo ndinaona pamene ulerewo umathera. Ukagona kunyumba chifukwa cha matenda, kandalama kamene umalandira sikafika n'komwe pa renti, ndipo mwini nyumba sadwala nawe. Chitupa changa chokhalira kuno chinkanenanso poyera kuti thandizo la boma silindikhudza. Nditati ndithyoke msana, ndikanatsala ndi dokotala waulere, mankhwala aulere, ndi chitenje.

Ganizo losunga ndalama za matenda ndinayenda nalo milungu ingapo, chifukwa nanenso ndinkadzitsutsa. Chibadwire sindinagonekedwepo m'chipatala. Mnzanga wina wa kuntchito, mtsikana wobadwira konkuno, anandiseka nditamuuza. Iye anati munthu wa msinkhu wathu amasungira ulendo wokaothera dzuwa kunja, osati matenda a anthu okalamba, komanso chiwongoladzanja chake n'chosasangalatsa. Sanali kunama. Ndalamazo zikanangokhala ngati khasu m'chilimwe, pamene ine ndinkafuna nsapato zosalowa madzi, ndipo kumudzi kunali zibowo zambiri zofuna kutseka.

Chimene chinandigamulira mlandu ndi bambo anga, amene anamwalira ine ndisanabwere kuno. Anadwala nthawi yaitali, miyendo itatupa, akugona pamkeka pakhonde. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anati apite nawo ku Blantyre akawajambule. Banja linakhala pansi, aliyense n'kutembenuza matumba ake, ndipo anagwirizana kuti ndalama ya galimoto ndi yogonera m'tauni palibe, tidikire tikolole. Bambo sanadikire. Tsiku la maliro ndalama zinatuluka m'mabowo onse. Kunabwera bokosi la zogwirira zonyezimira, anapha ng'ombe, anamanga matenti, abale a m'tauni anabwera pa basi yahayala. Ine ndinaima pambali pa bokosilo n'kumaganiza kuti chogwirira chake chimodzi chikanawafikitsa ku Blantyre. Anthu ankati ndikulira bambo. Ndinkalira, inde, koma theka la misoziyo linali mkwiyo.

Choncho tsiku lina lamalipiro, ndili m'kasitima kapansi panthaka kopita ku Hillhead, ndinamanga mfundo. Nditatulukira pamwamba ndinaima pakhomo pa siteshoni, ndinatsegula banki ya pafoni, n'kupatula akaunti ina pambali. Foniyo inafunsa dzina la akauntiyo, ine n'kulemba kuti Msana. Ndinadziikira malamulo. Malipiro akalowa, Msana uzidya poyamba, ndisanatumize kanthu kwina kulikonse. Ndalama zake si za nsapato, si za ukwati wa munthu, si za maliro.

Ndikanakhala chete bwenzi nkhaniyi itathera pomwepo, koma pakamwa panga sipanaphunzire kutsekeka. Loweruka lina masana amayi a kutchalitchi tinakumana kunyumba kwa Anti. Ana a amayiwo ankathamangitsana m'khonde, ukawafunsa m'Chichewa n'kumayankha m'Chizungu chakuno chimene ngakhale Azungu ena sachimva. Anti analengeza kuti mtengo wokwezera thupi ndege wakwera, ndiye chopereka cha maliro chikweranso. Onse anavomera ndi mitu. Ine ndinakweza dzanja.

"Amayi, ndili ndi ganizo. Bwanji pambali pa thumba la maliroli tikhalenso ndi la matenda? Wina akagona osagwira ntchito, tizimuthandiza renti ndi fiziyo ali moyo."

Kenako mayi wina, namwino wa kuchipatala chachikulu, anaseka.

"Achemwali, hospito kuno ndi yaulere. Mwaiwala kuti simuli ku Chiradzulu?"

"Komanso kusungira matenda ndalama n'kuwaitana," anatero wina. "Pakamwa pamalenga."

Anti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wamng'ono, wamphamvu ngati ng'ombe yapangolo, ukulankhula za matenda? Chikhulupiriro chako chili kuti?"

"Nanga bokosi timasonkherali, Anti, silikuitana imfa?"

"Imfa siitanidwa. Imabwera yokha."

"Nanga msana wanuwo munauitana?"

Mawuwo anali olasa, ndikudziwa, ndipo m'nyumbamo ambiri sankadziwa za chitenje chija. Koma sindinawabweze, ndipo mpaka lero sindikuwabweza. Tinali gulu la amayi onyamula anthu tsiku ndi tsiku, aliyense ali ndi pomuwawa pake, koma tonse okonzekera tsiku limodzi lokha, limene sitidzamvanso kuwawa. Ndinatola chikwama changa, ndipo ndili pakhomo ndinaponya mawu omaliza: "Kaya inu, koma ine yanga ndinatsegula kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Nkhani ya Amalawi kuno sidikira ndege. Inafika kwathu sabata isanathe, ndipo m'njira inanenepa. Pofika ku Chiradzulu inali yoti mwana wa malemu uja wabisa chuma ku banki ya Azungu, akuti akudikira kudwala.

Miyezi inadutsa. Kenako achimwene anga aakulu, amene ali ndi golosale pamsika wa kwathu ndipo ndiwo amayendetsa za banja chimwalirire bambo, anandiimbira foni ndili pa siteji ya basi pamsewu wa Victoria.

"Achemwali, takambirana kuno kuti chaka chino timange chiliza cha bambo. Anzawo onse kumanda kuja ali ndi ziliza, iwo okha ndi mulu wadothi, mtanda unadyedwa ndi chiswe. Anthu akutiseka. Tikufuna cha mwala wakuda wonyezimira uja, osati simenti. Padzakhalanso mwambo wotsegulira, ng'ombe, ndi nsalu yofanana ya banja lonse. Mbali yaikulu taika pa inu, poti ndinu muli kunja."

Ndinawauza kuti ndisonkha nawo kuchokera pa malipiro anga, kuposa mmene wina aliyense angasonkhere, ndipo ndinatchula zimene ndingathe. Anati zimenezo sizifika n'komwe pa mwala wokha.

"Nanga zija mwasungira matenda zija?"

"Zimenezo n'za matenda, achimwene."

"Mukudwala?"

"Ayi."

"Ndiye?"

"Ndiye zikudikira."

Apa ulemu unatha, achemwali uja n'kusanduka iwe. "Iwe, bambo ako akunyowa ndi mvula kumanda, iwe n'kumasungira ndalama matenda amene ulibe? Unabadwa kumtengo?"

"Mvula bambo sakuimva, achimwene. Chimene ankamva ndi miyendo ija, ndipo nthawi imeneyo munati ndalama palibe."

Anadula foni. Ndisanafike n'komwe kuntchito ndinaona kuti andichotsa m'gulu la banja la pafoni, mmene timauzirana za maliro, maukwati ndi ana obadwa. Ndalama ndinalonjeza zija ndinatumiza ndithu, ndipo anazilandira, koma zikomo sanabwere.

Za achimwene ndikanapirira. Chimene chinandipweteka ndi amayi. Amayi anga ndi munthu wowerenga. Ndiwo ankawerenga Baibulo pa misonkhano ya amayi a mvano, ndipo kunyumba sankataya pepala lokulungira sopo asanaliwerenge mbali zonse. Nditangobwera kuno ankandilembera vesi pafoni m'mawa uliwonse. Patapita nthawi anasiya kulemba n'kuyamba kutumiza mawu ojambula, ine n'kumati aphunzira zamakono. Tsopano ngakhale mawuwo anasiya. Nditawaimbira anangondiuza zochepa.

"Chibale ndi fupa, mwana wanga, sichiola. Koma iwe wandichititsa manyazi pamudzi pano."

Sindinama, ndinalira. Kangapo konse ndinatsegula akaunti ija, chala chili pamwamba pa batani lotumizira. Tsiku lina ndinakhala m'kasitima kapansi mpaka kupitirira Hillhead osazindikira, ndipo poti kamangozungulira ndinangokhala momwemo kudikira kandibwezere pomwepo, ndikukangana ndekha mumtima. Kungodina kamodzi, ndikanabwerera m'gulu, amayi akanandiseka, achimwene akananditchulanso achemwali. Ndipo thupi langa linkachita ngati lili mbali yawo. Nyengo yozizira yonse imeneyo anzanga kuntchito anagwa ndi chimfine mmodzimmodzi, ine osayetsemula n'kamodzi komwe.

Anti, amene chiyambire tsiku lija ankangondipatsa moni wa pamwamba, anandipeza ndikupinda matawulo. "Mawu a akuluakulu akoma akagonera, mwanawe. Tumiza ndalamazo nkhani ithe. Ndalama udzapeza zina, koma abale sagula."

"Anti, ndikatumiza lero, mawa kudzabwera china. Akauntiyo idzangokhala thumba la maliro lachiwiri."

"Ndiwe wamakani ngati bambo ako."

"Bambo anga anali ofatsa, Anti. Anavomera kudikira kukolola."

Sindinatumize. Sindinganene kuti ndinali wotsimikiza kuti ndikuchita bwino, ayi. Ndinkangodziwa kuti ndinaimapo kale pambali pa bokosi lonyezimira, ndipo sindinkafuna kuti thukuta langa linyezimire pamanda pamene amoyo akumanga zitenje m'chiuno.

Chiliza anamanga. Achimwene anapeza njira zawo, ndipo mwambo unachitika m'chilimwe. Ine sanandiitane. Msuweni wanga wamkazi, mwana wa azakhali, ndiye yekha sanandisiye, ndipo ananditumizira kanema wa tsikulo. Ndinamuonera kuntchito pa nthawi yopuma masana, tiyi akuzizira patebulo. Banja lonse linali mu nsalu yofanana. Kwaya inaimba, anavundukula nsalu yoyera, mwala wakuda n'kuti waliwali padzuwa, anthu n'kuwomba m'manja. Chinali chokongola, sindingakane, ndipo ndinamva nsanje kuti ine palibe.

Kenako anaitana amayi kuti ayandikire. Anayenda pang'onopang'ono, phazi likuyamba lafufuza pansi lisanaponde. Atafika pamwalapo sanaime n'kuwerenga. Anawerama n'kuyendetsa chikhatho pamwalapo, zala zikutsata mizere ya zilembo, nkhope itayang'ana kumbali. Ndinabweza kanemayo n'kuonanso. Mayendedwe amenewo ndimawaona tsiku lililonse m'makhonde a kuntchito kwathu, ndipo ndimadziwa chimene amatanthauza.

Nditaweruka ndinaimbira msuweni uja n'kumupempha kuti apite ndi foni kwa amayi.

"Amayi, ndaona chiliza. N'chokongola."

"N'chokongoladi," anayankha mozizira.

"Palembedwa chiyani?"

"Mawu abwino."

"Akuti chiyani?"

"Anandiwerengera, koma ndaiwala."

Amayi anga saiwala mawu olembedwa. Amatha kukuuza vesi limene abusa analalikira pa ukwati wawo.

"Amayi, masowo anayamba liti?"

Ndinamva akupuma mozama. "Aa, ndi ukalamba chabe, mwana wanga. Kumangokhala ngati nkhungu ya m'mawa, koma siichoka. Achimwene ako anali ndi zambiri za chilizachi, sindinafune kuwawonjezera mtolo."

"Baibulo mukuwerenga?"

"Amandiwerengera ana."

Mkwiyo umene ndinaumva pa maliro a bambo unabweranso wonse. Banja lathunthu linatha miyezi likukambirana za mtundu wa mwala ndi maluwa a pansalu, mayi wawo akupapasa zitseko pakhomo pomwepo, ndipo palibe anaona. Kapena anaona n'kunena kuti ndi ukalamba. Iwonso amayi, mwa ulemu wawo, anasankha kukhala mu nkhungu kuti womwalira asachite manyazi. Mwambo wathu umatiphunzitsa bwino kwambiri kulemekeza munthu akatseka maso. Za amene maso ake akutsekeka ali moyo, umati tidikire tikolole.

Apa lamulo langa lomwe linanditsekera njira, chifukwa akauntiyo inali ya msana wanga, osati ya maso a munthu wina. Ndinaliganizira ndili m'basi yobwerera ku Govanhill, ndipo pofika pa siteji yathu ndinali nditaona kuti dzina lokha ndi limene linali lopapatiza. Chimene ndinakanira achimwene si chakuti ndalamazo ndi zanga. Ndinakana chifukwa zinali za munthu wamoyo amene thupi lamutembenukira.

Sindinatumize kudzera mwa achimwene. Msuweni anaperekeza amayi ku chipatala cha mishoni kumene amaona za maso, pa galimoto yahayala, osati pa kabaza. Anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo n'zotheka kuchotsa, diso limodzi kaye kenako linalo. Zachipatala ndinalipira kuchipatala komweko, zoyendera ndi zodyera ndinapatsa msuweni. Palibe anakhala pansi kutembenuza matumba, palibe ananena za kukolola. Achimwene anamva zonse zitakonzedwa kale, ndipo sanandiimbire.

Pomaliza diso lachiwiri, Msana unali utatsala fupa lokhalokha. Ndinachita mantha, osabisa. Ndinalowa kuntchito m'mawa wotsatira ndikudziwa kuti ndikawakha gogo molakwika lero, ndilibe pogwira. Koma malipiro atalowa ndinayambiranso monga kale, Msana kudya poyamba.

Anti atamva za amayi anati, "Mulungu ndi wabwino," kenako n'kundikumbutsa kuti chopereka changa cha maliro cha mwezi umenewo sichinafike. Ndinapereka. Thumba limenelo sindinalisiye, maliro n'kulirana, ndipo nanenso sindifuna kudzaikidwa m'dothi lozizira lakuno. Koma la matenda lija mpaka lero silinakhazikitsidwe. Laini ya fiziyo inawafika Anti patapita nthawi, anapitako, koma chitenje sanachisiye. Sanavomerepo kuti ndinali ndi mfundo, ine sindinapepesepo, ndipo timakhala benchi imodzi kutchalitchi.

Atsikana obwera kumene akamva mbiri yanga amandifunsa mwakachetechete ngati n'zoyenera munthu wathanzi kusunga ndalama zotere, poti chipatala n'chaulere. Ndimawauza kuti ine msana wanga ukadali bwinobwino, masitepe aja ndimathamangabe, ndipo mwina ndidzakalamba osakhudza ndalamazo pa thupi langa. Ndimawauzanso kuti tsoka silinunkha. Koma chachikulu ndimawachenjeza kuti chovuta si kusunga. Chovuta ndi kukana anthu amene umawakonda akabwera ndi chifukwa chomveka, iwe ulibe bala loti uwaonetse. Amene sangathe zimenezo asavutike n'kutsegula akaunti.

M'gulu la banja lija sanandibwezeremo. Mavesi a m'mawa okha ndiwo anayambiranso kubwera, olembedwa, zilembo zonse zili m'malo mwake.

Tsiku lina m'mawa, ndili pa siteji yomwe ija pamsewu wa Victoria, kamvula kakuwaza, amayi anandiimbira. Kawirikawiri amadikira kuti ndiimbe ndine, ndiye ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Dzulo mudzi wonse unali kolambula kumanda, ndiye ndinafika pa bambo ako. Iwe, pansi pa dzina lawo alembapo mayina a ana. Achimwene ako alipo, alongo ako ena alipo, mng'ono wako alipo. Iwe palibe."

Zimenezi sindinkazidziwa. Msuweni anandibisira, ndipo m'kanema muja zilembo sizinkaoneka. Zinandibaya kuposa mmene ndinkaganizira. Ndine mwana wa bambo anga, ndinawasambitsa miyendo yotupa ija ndi manja angawa, ndipo mwala umenewo udzakhalapo ife tonse titapita, ukuuza odutsa kuti ine kunalibe.

"Ndamufunsa mchimwene wako," anapitiriza amayi, "akuti malo anachepa. Mwala wonse uja! Ndamuuza kuti aitane wosema uja adzawonjezere. Ndigulitsa mbuzi yanga."

"Mbuziyo isiyeni, Amayi. Musagulitse chamoyo chifukwa cha mwala."

"Ndiye dzina lako lisakhalepo?"

"Lisakhalepo. Koma tandiuzani, anakuuzani ndani kuti palibe?"

"Andiuze ndani? Onse anali chete ngati madzi a m'mtsuko. Ndawerenga ndekha, mwana wanga. Nditaima chapatali, osawerama n'komwe."

Basi yanga inafika, inatsegula chitseko, ine ndinaisiya ipite.